CIKHULUPIRIRO CA MUNTHU WOFUNA MPANDO WA PULEZIDENTI: MAU ONENEDWA PA MSONKHANO WA JUBILI



Masiku awa tamva zambiri za iwo amene anaumba njerwa za nyumba ino, nafolera sukulu zoyamba. Ife tapatsidwa nkhani yina, imene makolo aja sanabvutika nayo, pakuti masiku ao wolamulira dziko sanali kusankhidwa ndi anthu a pamudzi. Koma makono, zikatha zaka zisanu, dziko lisankha Pulezidenti. Ndipo nyengo imeneyo ikafika, inu akatekisita ndinu oyamba kufunsidwa. Mkristu akupezani pakhomo madzulo, nayamba za mvula ndi za nkhuku, ndipo potsiriza aturutsa cimene wadzera: "Aphunzitsi, kodi uja si wa mpingo wathu? Nanga timsiye bwanji wathu ndi kusankha wa kwina?"

Tikayamba ndi maina a kwathu kuno mitima idzapsa tisanafike pakati. Cifukwa cace titenge nkhaniyi ku United States of America, kumene mlandu womwewu unakambidwa poyera kawiri, m'caka ca 1928 ndi m'caka ca 1960. Ndipo popeza palibe mbale wa munthu ali yense wa ife amene anali m'menemo, tidzakhoza kuumva ndi mtima wofatsa.

Poyamba tidziwe lamulo lao. Pamene anthu a dziko lija analemba malamulo ao akuru m'caka ca 1787, anaikamo mau akuti munthu asayesedwe za cipembedzo cace polandira udindo uli wonse wa boma. Lamulo labwino ndithu. Koma limanga boma lokha. Munthu woponya voti ali yekha m'kacipinda, ndipo palibe lamulo lolowa naye m'menemo. Cotero kwa zaka 140 Apulezidenti onse anacokera ku mabanja a Ciprotestanti, ngakhale Akatolika anali kucuruka caka ndi caka, pofika zombo za anthu osauka ocokera ku Ireland, Italy, Germany ndi Poland.

Mwa ana a anthu otere munali Alfred E. Smith, wobadwa m'caka ca 1873 m'makwalala a amphawi a mzinda wa New York. Atate wace atamwalira analeka sukulu ali mnyamata, nakagwira nchito pa msika wa nsomba wa Fulton. Sanafika ku sukulu zapamwamba; koma anali wocenjera pa za boma, wodziwa kumene ndalama ya msonkho ilowa ndi kumene iturukira, ndipo anthu a cigawo ca New York anamsankha kanai kukhala Kazembe wao. M'caka ca 1928 cipani ca Democratic cinamuika kuti apikisane ndi Herbert Hoover pa mpando wa Pulezidenti. Ndiye Mkatolika woyamba kuikidwa cotero ndi cipani cacikuru.

Pamenepo panauka mafunso a mitundu iwiri. Ndipo tikupemphani muwasiyanitse bwino, pakuti nkhani yathu yonse yagona pa kusiyana kwace.

Funso loyamba linabwera mwaulemu. Mu April 1927 munthu wina wodziwa malamulo, Charles C. Marshall, analemba kalata yoonekera kwa onse m'nyuzi yochedwa Atlantic Monthly. Anachula makalata a Apapa a zaka zam'mbuyo, otsutsa ciphunzitso cakuti boma ndi mpingo zikhale zolekana, nafunsa Smith kuti, tsiku lina mpingo wace ukanena cina, malamulo a dziko nanena cina, iye adzamvera uti? Limeneli silinali funso lacipongwe. Munthu wopempha ulamuliro pa anthu a zipembedzo zonse ayenera kulilandira, ndipo makalata amene Marshall anachula analikodi. Kunenedwa kuti Smith, Mkristu wa mapemphero ndi wa Misa koma wosawerenga mabuku akuru, sanawadziwa nkomwe makalatawo. Anapempha thandizo kwa wansembe Francis Duffy, amene anali ndi asilikari pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nayankha mwezi wotsatira kuti pa zaka zonse za udindo wace sanakomana ndi tsiku limene cikhulupiriro cace cinalimbana ndi lumbiro lace, ndi kuti sadziwa mphamvu ya mpingo wace yoyenera kulowerera pa malamulo a dziko.

Funso laciwiri silinadza ndi kalata yosainidwa. Linayenda m'timapepala topanda dzina, ndi m'manong'onong'o a pa khomo la kacisi. Anthu anauzidwa kuti Smith akapambana, maukwati a Aprotestanti adzayesedwa cabe, ana ao nadzakhala ngati a m'cigololo. Kuti Buku Lopatulika lidzalandidwa m'nyumba zao. Kuti Papa adzasamuka ku Roma kudzakhala ku Washington. Mumzinda wa New York anali atangotsiriza kukumba njira ya galimoto yopita pansi pa mtsinje wa Hudson, yochedwa Holland Tunnel. Ndipo ena anatenga cithunzi ca Smith ataima pakamwa pa njirayo, nacigawa ku midzi, nati iyi ndiyo njira yobisika yofika ku Vatican. Kucokera ku New York kufika ku Roma ndi mamailo oposa 4,000, ndi nyanja yaikuru pakati. Museka; koma anthu odziwa kuwerenga, opita ku mapemphero Sabata ndi Sabata, anakhulupira. Ndipo pamene sitima ya Smith inali kupita ku Oklahoma City mu September 1928, a Ku Klux Klan, gulu la obvala zoyera ndi kuphimba nkhope, odana ndi anthu akuda ndi Ayuda ndi Akatolika, anayatsa mitanda ya moto m'minda ya m'mbali mwa njanji. Taonani, mtanda umene, wosanduka coopsezera munthu wobatizidwa.

Tisaweruze onse omkana ndi muyeso umodzi. Kuyambira caka ca 1920 dziko lija linali ndi lamulo loletsa kupanga ndi kugulitsa mowa, limene Amethodisti ndi Abaptisti analimenyera nkhondo zaka zambiri, poona akazi ndi ana osauka cifukwa ca kuledzera kwa amuna. Smith anafuna kuti lamulolo lisinthidwe, nanena poyera. Inu amene mudziwa cimene kacasu acita pamudzi simudzawaseka anthu amene anamkana pa cifukwa cimeneco. Coipa cinali cakuti atsogoleri ena, monga bishopu wa Amethodisti James Cannon wa ku Virginia, anasanganiza za mowa ndi za Roma mu mphika umodzi, kufikira munthu wamba sanakhoza kudziwa ngati akana botolo kapena akana mnansi wace.

Hoover anapambana kwambiri: zigawo 40 zinamsankha iye, Smith 8 zokha, pa mavoti a zigawo, amene ndiwo aika Pulezidenti kumeneko, Hoover anapeza 444, Smith 87. Ngakhale New York anamtaya. Zigawo za kumwera monga Virginia, North Carolina, Florida ndi Texas, zimene zinazolowera cipani ca Democratic kuyambira masiku a agogo, zinatembenuka. Kunena zoona, caka cimeneco cuma cinali kuyenda bwino, ndipo kapena munthu ali yense wa cipani ca Smith akadagwa. Koma anthu anatolapo phunziro limodzi lokha, lakuti Mkatolika sangathe. Ndipo patangopita caka cimodzi, mu October 1929, malonda a dziko lonse lija anagwa, mafakitale natsekedwa, anthu zikwi zikwi nasowa nchito. Tsoka limenelo linagwera Hoover. Likadagwera Smith, tidziwa tonse amene akadanenedwa kuti walodza dziko.

Zinapita zaka 32. M'caka ca 1960 anaturuka Mkatolika wina, John F. Kennedy wa ku Massachusetts, wa zaka 43, mwana wa munthu wolemera, wophunzira ku Harvard, wosiyana ndi Smith pa zonse koma ubatizo. Akuru a cipani cace, ena a iwo Akatolika, anaopa kumuika pokumbukira 1928. Potero iye anapita kukayesedwa ku West Virginia, dziko la mapiri ndi migodi ya malasha, kumene mwa anthu 100 Akatolika sanakwana 5. Kumeneko sanabisala. Anakumbutsa anthu kuti pamene iye analowa usilikari wa panyanja, ndi pamene mkuru wace Joseph anakwera ndege imene anafera m'caka ca 1944, panalibe wofunsa za mpingo wao. Koma iyenso anaphunzirako kanthu: analowa m'nyumba za anthu a m'migodi ocotsedwa nchito, naona ana ogona ndi njala, cinthu cimene mwana wa mwini cuma anali asanacione. Pa 10 May anapambana Hubert Humphrey kumeneko ndi mavoti 6 mwa 10 ali onse. Ndipo atalowa mu udindo, lamulo loyamba limene anasaina linali loonjezera cakudya cogawira mabanja osowa.

Moto sunazima. Pa 7 September abusa ndi atsogoleri a Ciprotestanti ngati 150 anasonkhana ku Washington, pamodzi ndi mlaliki wochuka Norman Vincent Peale, nalengeza kuti Pulezidenti wa Cikatolika sadzakhoza kukana mau a akuru a mpingo wace. Pamenepo Kennedy anacita cinthu cimene tifuna mucisunge. Sanatuma anyamata kukatukwana abusawo, kapena kukadandaula kwa anthu a mpingo wace kuti azunzidwa. Anabvomera kuitana kwa bungwe la abusa a mzinda wa Houston, ku Texas, napita yekha pa 12 September, naima pamaso pa abusa mazana atatu, ambiri a iwo osamfuna.

Mau ace anali afupi. Anayamba ndi kuwauza kuti nkhani zenizeni za cisankho cimeneco ndi zina: ana anjala a ku West Virginia, nkhalamba zosowa colipira sing'anga, sukulu zocepa. Ndipo anati iye sanatumidwa ndi mpingo wa Katolika, koma ndi cipani cace. Kuti pa za boma iye sanenera mpingo, ndi mpingo sunenera iye. Kuti afuna dziko m'mene bishopu sauza Pulezidenti cocita, ndi m'busa sauza nkhosa zace womsankha. Anawakumbutsanso kuti lero cala caloza Mkatolika, koma kale cinaloza Abaptisti ku Virginia, ndipo mawa cidzaloza wina. Potsiriza ananena mau olemera koposa onse: kuti ikadzafika nthawi yakuti udindo wace umkakamize kucimwira cikumbu mtima cace kapena kucimwira dziko, adzatula udindowo. Atatha sanathawira ku galimoto. Anaima, abusa namfunsa mmodzi mmodzi, ena mwaukali, iye nayankha onse.

Mwezi wotsatira mau amenewa anayesedwa. Pa cisumbu ca Puerto Rico, cimene ciri pansi pa United States, mabishopu a Katolika analemba kalata yoletsa Akristu ao kusankha cipani ca Kazembe Luis Muñoz Marín. Adani a Kennedy anakondwa, nati, si izi tinanena? A Kennedy anayankha msanga kuti kucita kotero nkosayenera. Koma yankho loposa linacokera kwa Akatolika a pa cisumbupo, amene anamva kalatayo m'kacisi, napita, nasankhanso Muñoz Marín.

Pali nkhani yina ya masiku omwewo imene itikhudza ife anthu akuda. M'busa wa Abaptisti wa mumzinda wa Atlanta, Martin Luther King wamkuru, atate wa uja mumdziwa, anali atanena kuti adzasankha Richard Nixon, mnzace wopikisana ndi Kennedy, popeza sanakhoza kusankha Mkatolika. Mu October mwana wace anagwidwa pokhala pansi m'sitolo yokana kudyetsa anthu akuda, naweruzidwa miyezi inai ya nchito yakalavula gaga pa kamlandu kakale ka ciphaso ca galimoto, natengedwa usiku kupita ku ndende ya Reidsville. Mkazi wace Coretta anali ndi pakati, naopa kuti mwamuna wace adzaphedwa m'menemo. Pa 26 October Kennedy anamuimbira lamya kumtonthoza, mng'ono wace Robert nalankhula ndi woweruza, ndipo m'mawa mwace wandendeyo anamasulidwa. Nixon anakhala cete. Nkhalamba ija inatembenuka poyera, niti munthu amene wapukuta misozi ya mpongozi wace adzalandira mavoti onse amene iyo ingathe kusonkhanitsa, Mkatolika kapena ai. Sitinena kuti lamya ija inalibe kuwerengera kwa ndale, inali nako. Koma onani kuti m'busa wokalamba, wozunzidwa moyo wace wonse cifukwa ca khungu lace, anali wokonzeka kukana munthu cifukwa ca mpingo wace, osaona kuti ziwirizi zibadwa kwa mai mmodzi, kufikira tsiku limene nchito ya munthuyo inalowa m'nyumba mwace.

Pa 8 November Kennedy anapambana, ndi mavoti a zigawo 303 pa 219 a Nixon. Koma pa mavoti a anthu, oposa 68 miliyoni, kusiyana kwao sikunafika 120,000. Ndipo apa tinene cimene okonda Kennedy sakonda kucimva. Aprotestanti ambiri anamkana cifukwa ca mpingo wace, inde. Koma mwa Akatolika asanu ali onse, pafupi anai anamsankha, ndipo ambiri a iwo pa cifukwa comweco. A cipani cace anatenga kanema wa mau a ku Houston namuonetsa kawiri kawiri m'mizinda yodzala Akatolika, podziwa kuti munthu akaona mbale wace atazingidwa mtima umuwawa. Wokana munthu cifukwa si wathu, ndi wosankha munthu cifukwa ndi wathu, onse awiri sanamuone munthuyo.

Nanga zoopsa zija zinacitika? Iai. M'caka ca 1961 Kennedy anakana kuti ndalama za boma zipite ku sukulu za mpingo, mabishopu a mpingo wace nakwiya naye, makamaka Kadinala Spellman wa ku New York. Sanatuma kazembe ku Vatican. Amene anacita cimeneco m'caka ca 1984 ndiye Ronald Reagan, Mprotestanti. Ndipo m'caka ca 1965, Kennedy ataphedwa kale, msonkhano waukuru wa mabishopu ku Vatican unalengeza kuti munthu ali yense ali nao ufulu wa cipembedzo, wosakakamizidwa ndi boma. Potero funso laulemu lija la Marshall linayankhidwa ndi mpingo mwini wace, patapita zaka 38. Koma bodza la njira ya pansi pa nyanja silinayankhidwa ndi munthu, linangofa ndi manyazi.

Dzina la mpingo silinaulula kanthu za amuna awiri aja. Zinamveka pambuyo pace kuti Kennedy sanasunga bwino ukwati wace, cinthu cimene abusa a ku Houston, potanganidwa ndi Papa, sanafunsa. Nixon anali wa mpingo wa Quaker, anthu ofatsa, okana nkhondo, odziwika ndi kunena zoona. Ndipo iyeyu, atakhala Pulezidenti pambuyo pace, anaponya mabomba pa Cambodia mobisa, natula udindo m'caka ca 1974 atagwidwa m'mabodza a mlandu wa Watergate.

Tsono kodi Kennedy anayankha bwino? Ife tiyesa kuti anayankha bwino pa theka, ndi kupitirira pa theka lina. Ananena zoona kuti mpingo usagwire dzanja la Pulezidenti posaina. Koma analankhulanso monga ngati cikhulupiriro ndi cobvala ca pa Sabata, copacikidwa pa msomali Lolemba m'mawa. Ndipo m'caka ca 2010 bishopu wamkuru Charles Chaput anapita ku Houston komweko kukanena kuti mau aja anaphunzitsa Akristu a m'boma kusiya cikhulupiriro cao pakhomo. Pamenepa pali coona. Munthu amene cikhulupiriro cace sicimletsa kanthu, ngakhale kuba, ngakhale kumanga wosalakwa, cikhulupiriro cace ncotani? Makolo anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo Aprotestanti a 1960 anaopa munthu wa mapanga awiri. Koma cimene cinamuombola Kennedy ndi mau aja a kutula udindo. Pakuti m'menemo anabvomera kuti ali naco cikumbu mtima cosagulidwa ndi mpando, ndi kuti ziwirizo zikalimbana, wolipira adzakhala iye mwini, si anthu a zipembedzo zina ai.

Zotsatira zace tizipitirire msanga, ngakhale ziri zodabwitsa. M'caka ca 1976 Jimmy Carter, Mbaptisti wophunzitsa Sande Sukulu ku Plains, ku Georgia, ananena poyera kuti anabadwanso, Akristu ambiri namsankha mokondwa. Patapita zaka zinai ambiri a iwo anamsiya, natsata Reagan, munthu wolekana ndi mkazi woyamba ndi wosapita ku mapemphero kawiri kawiri, popeza malonjezo ace anawakomera. Carter nabwerera kwao, naphunzitsabe kalasi lace kufikira ukalamba, namwalira m'caka ca 2024 ali ndi zaka 100. M'caka ca 2004 Mkatolika wina, John Kerry, anapikisana. Ndipo tsopano omtsutsa anali mabishopu ena a mpingo wace, amene anati sadzampatsa Mgonero cifukwa ca maganizo ace pa lamulo la kucotsa pakati. Kennedy anaopedwa kuti adzamvera mabishopu. Kerry anatsutsidwa kuti sawamvera. Ndipo Akatolika oposa theka anasankha George W. Bush, Mmethodisti. Pamene Joe Biden anakhala Mkatolika waciwiri kupambana, m'caka ca 2020, anthu a mpingo wace anagawikana pakati.

Tsopano mitima yafatsa, tibwere kwathu. Dr. Kamuzu Banda anali mkuru wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo anakonda kutikumbutsa. Koma ukuru umenewo sunatsegula zitseko za Mikuyu, kumene anthu anakhala zaka osaweruzidwa. Zinayamba kutseguka pamene kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'makacisi pa 8 March 1992, mipingo yina nigwirizana nayo. Pa 17 May 1994 dziko lino, m'mene Asilamu sakwana mmodzi mwa asanu, linasankha Msilamu, Bakili Muluzi. Ndiko kuti mavoti ambiri omuika anali a Akristu. Manong'onong'o analipo, akuti dziko lidzatembenuzidwa. Ndipo makacisi athu alipobe. Mlandu weniweni unadza pa cina, pamene anafuna kupitirira zaka khumi zololedwa ndi malamulo. Ndipo bungwe la Public Affairs Committee, m'mene Akristu ndi Asilamu akhalira pamodzi, linakana, Nyumba ya Malamulo nikananso mu July 2002. Musati cinali cifukwa ca Cisilamu cace. Pakuti ku Zambia Frederick Chiluba, amene analengeza pa 29 December 1991 kuti dziko lace ndi la Cikristu, anafuna cinthu comweco m'caka ca 2001, ndipo mipingo ya Cikristu ndiyo inamtsekera njira. M'caka ca 2020 dziko linasankha Dr. Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka 24, ambiri nati tsopano talandira m'busa. Mu September 2025 anthu omwewo anafunsa za mtengo wa cimanga, wa feteleza ndi wa mafuta, nasankha wina. Sitiweruza pano ngati analakwa poyamba kapena potsiriza. Tingoti ubusa sunayankha funso la cimanga, ndipo sukadakhoza.

Pali coopsa cina cimene Akristu saciona msanga. Mpingo ukanyamula munthu pa mapewa kumfikitsa pa mpando, nunena kuti uyu ndi wathu, wadzimanga pakamwa. Akalakwa, mudzamdzudzula bwanji, inu amene munauza anthu kuti wadzozedwa? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kalata ya 1992 inamveka dziko lonse cifukwa olemba ace sanali kupempha mpando wa munthu wao. Akadakhala ataika wao, anthu akadati ndi ndale cabe.

Cifukwa cace, akatekisita, wina akadza kwa inu ndi funso la wathu, musamkalipire, pakuti afunsa mwa cikondi ca mpingo wace. Koma mumtembenuzire ku mafunso amene munthu akhoza kuwayankha. Kodi uyu, pamene anasunga ndalama za anthu kale, zinafika? Kodi analankhulapo zoona pamene zoona zinamtayitsa kanthu? Kodi anthu a cipembedzo cina, a mtundu wina, a cigawo cina, adzagona tulo iye akalamulira? Kodi pali cinthu cimene adzakana kucita ngakhale atataya naco mpando? Mafunso awa akhudza cikhulupiriro cace kwenikweni, kuposa kufunsa kumene apemphera. Ndipo Msilamu, Mkatolika, wa Sabata ndi wa CCAP akhoza kuyesedwa nao pa muyeso umodzi. Ndipo kapepala kopanda dzina kakafika, kapena uthenga wa pa lamya wakuti uje akapambana adzatseka makacisi, kapena adzaletsa mizikiti, funsani amene wabwera nao kuti anaumva kwa yani, musanalole kuti upitirire pa khomo lanu.

Katsala kanthu kamodzi ka dongosolo, kamene akuru atipempha tinene pamaso pa onse. Nyengo ya cisankho alendo acuruka m'makacisi, ofika ndi magalimoto ambiri pakati pa nyimbo yaciwiri. Mlendo wotere alandiridwe, pakuti khomo ili silitsekera munthu; apatsidwe malo pa benci monga Mkristu ali yense, ndipo anyamata ace asiye mbendera ndi nsaru za cipani kunja kwa mpanda. Asakwere pa guwa, kapena kupatsidwa nthawi ya kulankhula m'kati mwa mapemphero. Akabwera ndi mphatso ya malata kapena simenti, msungi cuma ailembe m'buku pamaso pa akuru awiri, monga alemba dengu la cimanga la mai wamasiye, osaombera m'manja ndi osailengeza. Ndipo mpingo ukafuna kumva ofuna mipando, uwaitane onse, tsiku la pakati pa sabata, pabwalo la sukulu. Akuru akonzeretu mafunso, ofunsa akhale amuna ndi akazi omwe, ndipo katekisita asunge nthawi, kuti ali yense alankhule mphindi zofanana ndi mnzace.